Diso la Mayi Emmie ndi Macheka a Boma

Ku Gongo la Mboto, dera la mu Dar es Salaam kumene amakhala, amawadziwa kuti Mama Furaha. Dzina lakuti Emmie linatsala pa khadi la kuchipatala ndi m'kamwa mwa amayi awiri atatu a kutchalitchi amene amalankhula nawo Chichewa mapemphero akatha. Anafika mu Dar es Salaam ali ndi zaka makumi awiri, atakhala pamwamba pa matumba a mtedza mu lole ya mlamu wawo, kutsatira amuna awo, a Samueli, amene anali atapeza malo opalira matabwa ku Keko. Kwawo ku Ntcheu anachokako ndi kachikwama ka zovala ndi mutu wa makina osokera umene azakhali awo anawasiyira. Miyendo ya makinawo anawakhomera a Samueli ndi manja awo, chaka chimene mwana wawo Furaha anabadwa.

Shedi ya a Samueli inali ndi amuna atatu: iwowo ndi amisiri awiri. Ankacheka matabwa, kukhoma mafupa a mipando ya sofa, kumata siponji. Koma mpando sugulidwa uli maliseche. Madzulo alionse a Samueli ankatsika daladala, minibasi ya kumeneko, atanyamula mtolo wa nsalu ndi kachidutswa ka katoni kolembedwa miyeso, ndipo m'mawa ankanyamula mtolo wina wa zosokedwa kale, zovala za mipando ndi makushoni, zipi ali m'malo mwake. Pakati pa mitolo iwiriyo panali Mayi Emmie. Ankakokera makina pakhomo dzuwa likangotulukira padenga la aneba, n'kupalasa mpaka litabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Kutunga, kuchapa ndi kuphika ankazilowetsa m'mipata, monga mmene munthu amalowetsera ulusi pakati pa nsalu ziwiri. Zinayenda choncho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Iwo sankaitcha ntchito. Ankati akuthandiza bambo.

Diso lakumanzere linayamba kuchita nkhungu mwakachetechete, ngati galasi limene munthu wapumirapo. Kenaka nkhunguyo inayera. Mayi Emmie anasiya kulowetsa ulusi pa singano ndi maso. Ulusi ukatsala pang'ono kutha ankamangirira watsopano kunsonga kwa wakale ndi kamfundo kakang'ono, n'kuukoka pang'onopang'ono mpaka utadutsa. Dokotala wa maso anawaunika nthawi yaitali asanalankhule. Anati ng'alayo yakhwima kwambiri, ikachedwa idzawononga diso lonse, ndipo lakumanja nalo layamba. Anawaika pamndandanda. Anadikira miyezi isanu ndi itatu asanapatsidwe tsiku, Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Juni, ndipo namwino anawachenjeza kuti wophonya tsiku lake amabwerera kumchira. Akachotsa ng'ala, masabata angapo osawerama, osayandikira fumbi, osasoka. Khadi analiika m'kadilowa ka makina, pamodzi ndi choko ndi singano.

Atawauza, a Samueli anangoti, "Juni ndi kutali, mayi a Furaha. Tidzaona."

Mu Febuluwale kunabwera mtsikana ku Keko, dzina lake Mwanakheri, wochokera ku sukulu ya ukachenjede. Ankachita kafukufuku wa momwe timashedi ting'onoting'ono timagwirira ntchito, ndipo zimene ankapeza zinkapita ku nthambi ina ya boma imene inkafuna kudziwa woyenera kuthandizidwa ndi chomuthandizira. Anakhala pa shedi ya a Samueli masiku asanu, atakhala pa chitini cha vanishi, foni ili m'manja. Munthu akagwira sowo, iye wadina. Akaika pansi, wadinanso.

"Mwana ameneyu ndi woopsa," anatero a Samueli akuvula nsapato madzulo ena. "Ndikapita kukataya madzi kuseri, ndikubwera ndim'peza akulemba. Ndinamufunsa kuti, kodi nazonso boma likuzifuna?"

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati mphindi zinayi."

Anaseka onse awiri. Koma Mayi Emmie anafunsa ngati mtsikanayo anafunsapo za nsalu.

"Anafunsa. Ndinati zimenezo timabwera nazo zokonzakonza. Nanga ndikanati chiyani? Kuti Fundi Samueli, mmisiri wamkulu, amadya thukuta la mkazi wake? Keko yonse ingandiseke mpaka Khirisimasi."

Lamlungu lotsatira Mwanakheri anafika kunyumba, chifukwa pepala lake linali ndi mafunso ena okhudza pakhomo. Pa Lamlungu makina a Mayi Emmie sankaoneka ngati makina. Chiyambire ankawavundikira ndi nsalu yoluka yoyera, pamwamba n'kuikapo Baibulo ndi kabotolo ka maluwa apulasitiki. Tizidutswa ta nsalu ankasesa Loweruka. Mtsikanayo anapereka shikamoo, moni wopatsa akuluakulu, mwaulemu, anamwa tiyi, ndipo pepala lake analitsamiritsa pa makina omwewo polemba.

"Mama, inu mumagwira ntchito yanji?" anafunsa m'Chiswahili.

Mayi Emmie anayang'ana amuna awo. A Samueli ankayang'ana m'kapu. Tsiku la ukwati wawo ku Ntcheu amayi achilangizo anawauza kuti mkazi savula mwamuna wake chipewa pamaso pa mlendo, ndipo mawuwo anawasunga bwino kuposa mbale zimene analandira tsikulo. Komanso ankadziwa yankho limene amayi onse a msinkhu wawo amapereka akafunsidwa funso limeneli ndi munthu wa mapepala.

"Ine sindigwira ntchito, mwanangu. Ndimangokhala pakhomo."

Mtsikanayo anachonga kabokosi. Pochoka anasiya nambala yake ya foni pa kapepala, n'kuyamikira nsalu yolukayo.

Zotsatira zinabwera mu Epulo. Mwa mashedi onse amene anayendera, ya a Samueli ndi imene inkatulutsa mipando yambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha antchito. Amuna atatu okha, mipando yofanana ndi ya mashedi a anthu asanu. Kafukufukuyo anapezanso pamene ntchito inkachedwa: pocheka matabwa ndi manja. Choncho thandizo linabwera lolunjika pomwepo, makina ochekera a magetsi, atsopano, ndi oda ya mipando ya m'zipinda zodikirira za maofesi ena. Panali lamulo limodzi lokha. Pakatha miyezi iwiri adzabweranso kudzayeza kwa sabata yathunthu, ndipo ngati mipando sinachuluke monga mmene mapepala ankalonjezera, makinawo adzapita kwa wina.

A Samueli anafika kunyumba tsiku limene makinawo anabwera ali ndi utuchi m'tsitsi, akuimba nyimbo ya kwaya. Anati thabwa limene linkawadyera theka la ola tsopano likudutsa ngati mpeni pa papaya. Mayi Emmie anakondwa nawo, ndipo kukondwako kunali koona. Anali ataona mapewa a bamboyo akupindika chaka ndi chaka pa sowo.

Sabata yomweyo mtolo unakana kulowa mu daladala. Kondakitala anati ulipiridwe mpando wakewake. A Samueli anapangana ndi Abdulkarimu, wa ku Keko, woyendetsa bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, kuti azibweretsa nsalu m'mawa ndi kutenga zosokedwa, ndipo posakhalitsa anayamba kubwera kawiri pa tsiku. Mayi Emmie anaphunzira kuzindikira kulira kwa bajaji imeneyo. Ankaimva ikadali kumsewu waukulu, ikutsika m'kanjira ka mchenga, ikutsokomola pa dzenje la pafupi ndi mpopi, ndipo ankadziwa kuti mtolo wina wafika.

"Hodi, Mama! Mzigo wanu uwu," ankatero Abdulkarimu akutsitsa. "Fundi akuti izi ndi za mawa m'mawa. Kumeneko mafupa a mipando afika kudenga, munthu ukalowa umayenda chammbali ngati nkhanu."

Nsalu ya odayo inali yakuda, ulusi wakenso wakuda. Mzere wa choko ankauona ngati njira ya m'chifunga. Anayamba kutsogoza chala patsogolo pa singano kuti chiziwauza pamene mphepete ili, ndipo kawiri singano inachipeza chalacho. Mutu unkawawa kumbali ya diso lodwala, ululu wozama, wokhala ngati wina akukanikiza ndi chala chachikulu kuchokera m'kati. Zovala zinaunjikana m'beseni. Kutchalitchi anajomba misonkhano ya amayi itatu.

Furaha, amene ankagwira ntchito pa lesitilanti ina ku Msasani, anabwera tsiku lake lopuma n'kupeza mayi ake akumasula msoko umene unapita mokhota. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chiswahili, kupatula akakwiya.

"Amayi, diso limenelo mwaliona pagalasi? Layera ngati la nsomba yophika."

"Usandilankhule choncho, ndine mayi ako."

"Abambo alembe telala."

"Akalemba, anthu akhala anayi. Mapepala akuti atatu."

"Ndiye mapepalawo ndi amene adzakutsogolereni ndi ndodo?"

Kalata ya oyeza inafika kumayambiriro kwa Juni. Adzayamba Lolemba la sabata yachiwiri, kumaliza Lachisanu. Mayi Emmie anatsegula kadilowa n'kuika khadi lawo pafupi ndi kalatayo patebulo. A Samueli anayang'ana mapepala awiriwo nthawi yaitali. Sanali munthu wankhanza. M'zaka zonsezo sanawakwezerepo dzanja, ndipo Furaha akadwala ali wakhanda ankamubereka okha kumsana.

"Sabata imodzi yokha, mayi a Furaha," anatero motsitsa mawu. "Akapita amenewa, ndidzakuperekezani ndekha. Tikapempha tsiku lina."

"Tsiku lina ndi miyezi isanu ndi itatu."

"Mulungu alipo. Diso lapirira chaka chonse, lingalephere pang'ono pokha? Makinawa akapita, ine ndibwerera ku sowo ndi mapewa awa. Ndipo anthu adzati chiyani? Kuti Mmalawi uja anapatsidwa chinthu n'kuchilephera."

Mayi Emmie anabweza khadi lija m'kadilowa. Tsiku lotsatira, bajaji itachoka, anafunafuna kapepala ka nambala kaja m'Baibulo, n'kupempha mayi woyandikana nawo kuti awawerengere manambalawo. Ataimba foni, Mwanakheri anawakumbukira msanga. Anamvetsera osadula mawu pamene iwo ankafotokoza za mitolo iwiri, za dzuwa la pakhomo, za makina amene analemberapo ngati tebulo aja.

Atamaliza, mtsikanayo anafunsa:

"Mama, bwanji simunanene? Ndinakufunsani."

"Munandifunsa, mwanangu."

"Pa kusoka ndinalemba kuti palibe mphindi ngakhale imodzi." Anati lipoti linapita kalekale, silili m'manja mwake, ndipo obwera kudzayezawo ndi anthu ena amene iye sawadziwa. Anati ayesa kulemba kalata, koma sakudziwa ngati idzawerengedwa Juni asanathe. Kenaka anawonjezera chinthu chimene Mayi Emmie sanachiyembekezere: kuti chiwerengero cha shedi ya a Samueli ndi chimene tsopano akuyezera mashedi ena onse, ndipo amene sakuchifikira akuuzidwa kuti ndi aulesi pa ntchito.

Mayi Emmie anaganiza za amisiri a ku Keko amene akazi awo alibe makina osokera.

Lolemba anasoka tsiku lonse. A Samueli anabwera akusimba kuti oyeza ndi amuna awiri osaseka, ndipo tsiku loyamba layenda bwino. Za khadi sanatchule, ndipo Mayi Emmie nawonso sanatchule. Lachiwiri bamboyo analawirira kusanache bwino. Pakhomo anaima pang'ono ngati akufuna kunena kanthu, kenaka anangoti nsalu zifika ndi Abdulkarimu.

Mayi Emmie anasamba, anavala diresi la kutchalitchi. Anasesa tizidutswa. Anatenga nsalu yoluka ija n'kuvundikira makina, Baibulo pamwamba, maluwa pambali pake, ngakhale linali Lachiwiri. Khadi analiika m'chikwama. Atamva bajaji ikutsokomola pa dzenje la pampopi, anatseka chitseko n'kuidikira panja.

"Mama, ulendo?" anadabwa Abdulkarimu, dzanja lili kale pa mtolo.

"Musatsitse. Mundisiye pokwerera basi, ndikupita kuchipatala cha maso. Mtolowo mubwerere nawo ku Keko."

"Wosasoka? Mama, anthu a boma ali pomwepo. Aona ndikutsitsa nsalu yosadula n'komwe."

"Aona."

Anakwera, nakhala mopanikizana ndi mtolowo. Unkanunkha utoto wa nsalu yatsopano. Asanafike kumsewu wa Pugu foni ya Abdulkarimu inalira, ndipo iye atayang'ana dzina anatembenuka.

"Ndi Fundi. Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni zimene mwanyamula."

Foni inalirabe. Mayi Emmie anaona m'maganizo mwawo mafupa a mipando ataunjikana mpaka kudenga, macheka akulira, amuna awiri osaseka aja akuyang'ana mawotchi awo, ndi a Samueli ataima pakati ndi utuchi m'tsitsi. Sankadziwa kuti madzulo adzabwerera ku nyumba yotani, kapena ngati bamboyo adzabwera kudzawatenga. Anaphimba diso lakumanja ndi chikhatho kuti ayese linzakelo komaliza. Msewu, magalimoto, anthu, zonse zinasanduka chinthu chimodzi choyera. Anachotsa dzanja, nagwira chikwama mwamphamvu, pamene Abdulkarimu ankaika foni kukhutu.