Mkono Wamanzere wa Yunike

Mvula ya Febuluwale kwa Mwase Lundazi siipatsa munthu mpata. Ikangokata, udzu umakhala utadzaza kale m'mizere, ndipo aliyense amene ali ndi msana amathamangira kukabandira chimanga. Yunike Mwale msana anali nawo, koma magazi anali asanabwerere m'thupi. Ankalima mizere itatu n'kukhala pansi, m'maso muli chidima.

Anakwatiwa ndi Ezron akadali kamtsikana. Ana anabwera motsatizana, wina akuyamwa wina ali m'mimba. Wachisanu, Linah, anabadwira kuchipatala cha ku boma mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo Yunike anataya magazi mpaka anamwino anayamba kulankhula monong'ona. Pomutulutsa, dokotala anati, "Amai, mukatenganso mimba zaka ziwili zisanathe, sindikulonjezani kuti mudzabwelela kunyumba."

Kale mawu otere sakanamuopsa kwambiri. Galimoto yoyera ya bungwe lina lothandizidwa ndi maiko akunja inkabwera pasukulu miyezi itatu iliyonse, amayi n'kumabayitsa jakisoni wolera patsinde pa mango. Kenaka inangosiya kubwera. Ankati thandizo ladulidwa kutali komweko, ndi anthu amene sanapondepo matope a kuno.

Lachitatu apongozi ake anamupeza kumunda.

"Khosi lalimba ili," anatero akumugwedeza Linah. "Loweluka mumutenge mwanayu. Mwamuna si chitsa ai, wadikila mokwana."

Yunike anangoti, "Ndamva, amama." Chibadwire mwanayo, iye ndi Ezron ankagona mphasa zosiyana monga mwa mwambo. Kutenga mwana ndiko kubwererana kwa awiriwo, ndipo akulu akatchula tsiku munthu sakana. Akakana, mwana n'kudzatupa miyendo, mudzi wonse udzati wamusempha ndi mayi wake.

Lachinayi mvula inagwa tsiku lonse. Lachisanu m'mawa anabereka mwana nanena kuti akupita kusikelo. Kamtsinje kamene m'chilimwe ana amangokalumpha kanali katafika m'chiuno, madzi ofiira akukokolola mapesi ndi nthambi. Anamukweza Linah paphewa, nawoloka akufufuza miyala ndi zala zakumapazi, osayang'ana madziwo. Anafika pachipatala chaching'ono dzuwa lili pamutu, chitenje chikudontha.

Namwino, Sista Anna, anamvetsera nkhani yonse, kenaka anatsegula kabati kuti Yunike adzionere yekha.

"Jakisoni inasila mu Disembala, mami. Mapilisi naonso kulibe. Kwasala ka pamkono, ka anthu awili chabe."

Yunike anabwerera m'mbuyo. Pamjigo amayi ankanena kuti timitengo tolera toika pansi pa khungu la mkono timayenda m'thupi mpaka kumtima. Ankati mkazi wina wa ku Magodi anamwalira nato, ngakhale panalibe wodziwa dzina lake.

"Akuti kamayenda, asista."

"Kali na miyendo? Ine nili nako chaka chachitatu, sikanafike na pachigongono. Gwilani apa."

Yunike anagwira mkono wa namwinoyo. Pansi pa khungu panali timizere tiwiri tolimba ngati timitengo ta machesi.

"Nanga bambo ake Linah akakaona?"

"Azakaona ndithu, siningakunamizeni. Mufuna mubwele nao Mande tikambe tonse?"

"Mande n'kutali. Tsiku ndi mawa."

Kunja kunagunda bingu cha kumadzulo, komwe kamtsinje kaja kamachokera. Linah anadzuka nayamba kufunafuna bere, ndipo Yunike anamuyang'ana paliwombo pamene pankagunda pang'onopang'ono. Anamasula chitenje. Anamupereka mwanayo kwa mayi wina amene anakhala pabenchi, iye nakwera pabedi.

"Khasu mumagwilila mkono uti?" anafunsa Sista Anna.

"Wamanja."

"Bweletsani wamanzele."

Yunike anatembenukira kukhoma, mano ataluma mlomo. Namwino anapukuta khungu ndi thonje lozizira, nabaya mankhwala ochititsa dzanzi, nalowetsa timitengo tiwiri tija. Kenaka anakulunga bandeji katatu namanga mfundo.