Pulasitiki Wodutsa Moto

Kuno ku Bembeke aliyense amene ali ndi sola amawadziwa bambo aja olumikiza mawaya. M'thumba la jekete lawo simusowa majumbo oduladula, ndipo akalumikiza waya amakulungapo jumbo mpaka potupa ngati chala chobaya minga. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Moto suwoloka pulasitiki, mayi, mtima ukhale m'malo."

Ndiye mwana wawo wamkazi, amene amafufuza za mabatire ku yunivesite, anabwera kudzawaona. Pocheza pakhonde, iwo akudula majumbo awo, anawauza kuti batire la lithiyamu ndi salufa limavuta chifukwa salufayo sadutsitsa moto, choncho amamusakaniza ndi pulasitiki wina amene amaudutsitsa.

Sizasi inagwa m'manja mwa bambowo. "Pulasitiki kudutsa moto? Ndiye kuti ine ndakhala ndikutchera anthu misampha m'nyumba zawo!"

Mayi Anjelina, oyandikana nawo, pochokera kudimba anangopeza bambowo atakwera pampando m'nyumba mwa mayiwo, akumasula majumbo onse pamawaya. Mawaya amalisechewo anagundana, kunathetheka, wailesi n'kuyamba kufuka utsi.

"Mayo, wailesi yanga!" anakuwa mayiwo, kabichi amene ananyamula n'kugubuduzika pansi.

Mwana uja anafika ali wefuwefu. "Ababa, si jumbo ya kumsika ayi! Winayo timachita kumupanga mwapadera!"

Bambowo anayang'ana kajumbo kali m'manja, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Nanga pa majumbo onsewa, ine ndidziwa bwanji kuti yopita ku yunivesite ndi iti?"