Madzi a uchi a kuseri kwa nkhuni

Apongozi anga aamuna anali ndi mawu amodzi amene ankawanyadira kuposa ngalawa zawo ziwiri. "Ine chibadwire, m'kamwa muno simunalowepo dontho la mowa." Ankawanena akusoka ukonde, ankawanena pamaliro, ngakhale popanda wowafunsa. Anali Msilamu wosaphonya swala, munthu wofatsa, ndipo ine mwana wa Chianglikani wochokera kutsidya kwa nyanja anandilandira pakhomo pawo ku Mangochi pamene abale ena ankang'ung'udza. Mawu amenewo ndinawalanda ndine.

Bambo anga ankaweta njuchi m'ming'oma, ndipo ankaukonda mowa wa uchi. Chaka chachiwiri cha ukwati wanga anatumiza chigubu cha uchi ndi uthenga wakuti akubwera kudzaona mdzukulu. Tanthauzo la uchiwo ndinalimva. Mayi anali atamwalira, panalibenso wowafululira. Ndinati mumtima, bambo anga ayende ulendo wonsewo n'kudzangomwa tiyi? Ayi ndithu. Makani ndili nawo, sindikana.

Uchi ndi madzi pazokha zimachedwa kuwira, zimafuna chozidzutsa. Kwathu tinkathira chimera cha mawere, kapena masese otsalira m'mbiya yakale. Mbiya yakale ndinalibe. Chimera chinali kumsika, koma pachipata pankaima achinyamata a chipani ofunsa khadi, ndipo yanga inali itasanduka phala m'thumba la diresi tsiku lochapa. Koma ndisanamizire khadi, ndikanatha kutuma munthu. Chimera ndinachikana dala. Mowa wa chimera sudziwa kubisala: umada, umafufuma thovu, fungo lake limakafika kumsewu. Nanga pakhomo pa Asilamu?

Msuweni wanga wina ankaphika buledi ku hotelo ina ya kunyanja. Ndiye anandipatsa nzeru ya yisiti, atandikulungira pang'ono m'kapepala.

"Kasupuni kamodzi kokha, achemwali," anatero. "Pakatha masiku anayi umakhala woyera ngati tiyi wopanda mkaka, n'kukhalabe wotsekemera. Ngakhale shehe sangaudziwe."

Anaseka, inenso ndinaseka.

Mtsuko ndinauika m'khitchini mwanga kuseri kwa nkhuni, n'kuuvundikira ndi kansalu. Amuna anga anali ku Monkey Bay kokapha usipa, ndiye ndinati palibe amene angauone. M'mawa uliwonse ndinkagwada n'kutchera khutu, ndikumva ukunong'ona pansipansi. Fungo linali la uchi basi, ndipo ndinadziona wochenjera kwabasi.

Tsiku lachinayi amayi tonse anatiitanira kubwalo kokayeserera magule a chipani. Kumeneko sikunali kojomba. Tinavina padzuwa la Okutobala mpaka masana, mwana ali kumsana. Pobwera ndinapeza apongozi aamuna atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango, chifuwa chikuwavuta monga chinkachitira sabata yonseyo. Apongozi aakazi anali akuwapatsira kapu yathu yachitsulo. Anali atalowa m'khitchini mwanga kukapala moto, n'kuupeza mtsuko, n'kulawa ndi chala, n'kutungirako m'kapumo.

Amene sanakwatiweko kwathu kuno sangamvetse. Apongozi aamuna suwaimirira patsogolo, suwayang'ana kumaso, suwakuwira uli chapatali. Umagwada pambali, ndipo ngati uli ndi mawu umawapereka kwa akazi awo. Zaka ziwiri ndinali ndisanalankhule nawo choposa moni. Miyendo yanga inagwada yokha. Liwu linali limodzi lokha, "musamwe", ndipo linafika pakhosi. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti chimene chinandimanga pakamwa ndi ulemu. Bodza. Ndinkaopa kubwezedwa kwathu, mwana n'kukulira kutali ndi bambo ake. Ulemuwo ndinangobisalamo.

Apongozi aamuna anatchula dzina la Mulungu monga ankachitira asanadye chilichonse, n'kumwa. Atafika pakati anaima. Anayang'ana m'kapu nthawi yaitali. Munthu amene wapalasa ngalawa moyo wake wonse pamodzi ndi anthu akumwa, mowa amaudziwa ngakhale asanaulawepo.

"Malizani, uchi ndi mankhwala," anatero apongozi aakazi.

"Anakonza ndani?" Pofunsa anayang'ana ku mtengo, osati kwa ine.

"Mpongozi wanu. Anachita kuubisa kuseri kwa nkhuni, kuopa nyerere."

Mwana anayamba kulira kumsana kwanga, koma sindinathe ngakhale kumugwedeza. Ndinkadikira kuti anene liwu lenilenilo, lakuti haramu, choletsedwa m'Chisilamu, zonse zithere pomwepo.

"Auzeni kuti zikomo," anatero apongozi aamuna pang'onopang'ono. "Koma madziwa agonera. Akataye, angadwalitse mwana."

Anaika kapu pansi, anatenga ketulo yawo ya madzi osambira popita kukaswali, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinkawamva akuchukucha m'kamwa, kulavula, kuchukuchanso, mpaka madzi anatha m'ketulo. Ine ndinakakhuthula mtsuko kudzala, nkhuku zikundizungulira. Bambo anga atabwera anamwa tiyi, ndipo sanafunse za uchi wawo.

Apongozi sanauze akazi awo, sanauzenso mwana wawo. Chakudya chophika ine anapitiriza kudya, ndipo akabwera kunyanja chambo chachikulu ankatumizabe kunyumba kwanga. Chikhala kuti anandikalipira bwenzi zitandipepukira. Ndinakhala ndikutchera khutu mwezi ndi mwezi kuti mwina ndimvenso mawu awo aja.

Tsiku lina, patapita zaka, ndinkaanika usipa pathandala iwo akusoka ukonde ndi anzawo. Panadutsa mnyamata wina akudzandira, ndipo mkulu wina anagunda apongozi pa phewa.

"Tamuuzani uyu za m'kamwa mwanu muja, mwina angamve."

Apongozi anaweramira ukonde, n'kuluma ulusi ndi mano.

"Musiyeni mwanayo adutse," anatero.

Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, mawu aja sanawanenenso.