Maso Amene Ndinaika pa Nkhope ya Achemwali Anga

Inu owerenga, ine ndinawononga chithunzi chimodzi chokha cha malemu achemwali anga, ndipo pofuna kubisa manyazi ndinachita china choipa kuposa pamenepo. Mpaka lero mtima sukhala m'malo. Ndikakhala pansi ndanyamuka, ndikagwira ichi ndasiya, ndiye ndati bola ndilembe, mwina wina n'kupulumukirapo.

Ndili ndi kashopu pa Nsaru. Ndimajambula zithunzi za ziphaso, kuchita fotokope ndi kusindikiza makadi a ukwati. Chibadwire ndine waphuma, amayi amati ndinayamba kuthamanga ndisanakwawe. Chaka china mayi wina wa m'tauni anandiphunzitsa kujambula chithunzi pansalu pogwiritsa ntchito dzuwa. Umalowetsa chithunzi m'kompyuta n'kuchitembenuza kuti poyera pade, pakuda payere. Chimenecho amati negetivu. Umachisindikiza ndi printa ya inki pa pepala la pulasitiki loonekera. Kenako umapaka mankhwala pansalu yoyera, ikauma m'nyumba umasanjikapo pulasitiki ija, galasi pamwamba, n'kuika padzuwa. Ukatsuka ndi madzi, munthu uja amatuluka pansalu, wabuluu, wooneka bwinobwino. Luso limeneli linandilowa m'magazi, ndipo ndinkafuna Nsaru yonse idziwe kuti wodziwa ndine ndekha.

Achemwali anga a Esinati anamwalira mwana wawo Tadala ali ndi chaka chimodzi. Maliro atangotha, bambo ake anamutengera ku maesiteti a fodya ku Kasungu, n'kukulira komweko. Tinadzamuonanso ali mtsikana wamkulu, atabwera kumudzi kwathu cha ku Kabudula kudzafuna ankhoswe poti wapeza banja. Titangomaliza malonje anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi aang'ono, kodi amayi anga ankaoneka bwanji?"

Amayi anga anayamba kudzuka kuti akatenge chithunzi m'sutikesi. Ndine ndinawagwira mkono. Ndinauza Tadala kuti adikire pang'ono, amayi ake adzawaona pa chinkhoswe chake, aakulu, ali pansalu. Taganizani inu! Mwana wadikira moyo wake wonse, chithunzi chili kuchipinda pomwepa, ine n'kumuuza kuti adikirenso, chabe chifukwa ndinkafuna anthu adzandiombere m'manja.

Chithunzicho anawajambula wojambula wa panjinga, achemwali ataima pakhomo la tchalitchi atavala duku loyera. Chinali m'kafelemu kakang'ono, ndipo chinyezi cha zaka zambiri chinali chitachimatiriza kugalasi. Pondipatsa amayi anati, "Usachichotse m'galasimo, wamva? Chinamatirira." Ndinati ndamva.

Kushopu ndinachijambula ndi foni chili m'galasi momwemo. Kuwala kwa pazenera kunagwera pankhope penipeni. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Ndikanangotuluka nacho pamthunzi wa mtengo, kapena kudikira mawa, zikanatheka. Koma ayi, mutu unali pa magetsi oti azima nthawi ina iliyonse, ndi nsalu imene ndinali nditapaka kale mankhwala. Ndinatenga lezala n'kulowetsa pakona. M'munsi chinamatuka bwino, ndinalimba mtima, ndinakoka. Mayo ine! Kuyambira pachipumi mpaka pamphuno zinatsalira pagalasi. Poti ndizipale mosamala, zinangoyoyoka ngati nkhungu ya pachimanga. Papepala panatsala duku, pakamwa ndi chibwano. Pafoni paja, pamene panayenera kukhala maso panali chibanga choyera.

Ndinazungulira m'shopu muja ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinatseka chitseko, ndinafika mpaka pasiteji kuti ndikwere kabaza ndikawauze amayi, koma ndinabwerera. Apa m'pamene ganizo loipa linandilowa. Kuyambira kale anthu ankati ine ndi achemwali timafanana. Ndinatenga chithunzi changa cha pachiphaso, ndinadula maso ndi mphuno pakompyuta, n'kuziika pankhope yawo. Nditatembenuza kukhala negetivu, mtima unatsikako. Pa negetivu munthu sadziwika, tsitsi limayera, mano amada, ngakhale mayi wako ungamudutse. Ndinakweza pulasitiki ija kudzuwa n'kudzinamiza kuti zakwana.

Dzuwa la Okutobala silichedwa. Posakhalitsa ndinali kuseri kwa shopu, nsalu ili m'beseni. Mankhwala atayamba kuchoka, nkhope inatuluka pang'onopang'ono m'madzimo n'kundiyang'ana. Anali ine. Ine ndemwe, nditavala duku la achemwali anga. Inu owerenga, pamenepa ndikanatha kusiya. Koma chinkhoswe chinali mkuja, ndipo ndinali nditalengeza kale kumudzi konse, mpaka kwa amayi a kutchalitchi. Ndinayanika nsalu ija, n'kuipinda bwinobwino.

Pa chinkhoswe nditaitambasula, nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Tadala anagwada n'kuyamba kusisita nkhope ija ndi zala, akulira kuti, "Amayi! Amayi anga!" Anthu anandiombera m'manja, zimene ndinkafuna zija. Ine maso anali pa amayi anga. Anayang'ana nsalu nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine.

Anthu ali pa chakudya anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa kumene kunali chithunzi chawo. Ndinaulula zonse. Sanakalipe, ndipo bola akanandimenya. Anangoti, "Wandiikitsa Esinati m'manda kawiri. Koma mwanayo usamuuze lero, ndi tsiku lake."

Lero lija lasanduka chaka ndi miyezi. Tadala anakhoma nsalu ija pabalaza kunyumba kwake ku Namitete, ndipo mlendo aliyense amamuonetsa. Kawiri konse ndakwera minibasi kuti ndikamuuze. Ulendo woyamba ndinatsikira panjira. Wachiwiri ndinafika, tinacheza za mitengo ya feteleza, n'kutsanzika. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti amayi tsopano amadandaula kuti akafuna kukumbukira nkhope ya mwana wawo, imabwera ndi ya pansalu ija. Inenso ndikatsinzina ndimaona pakamwa pawo pokha, kumtundaku kulibe.

Mwezi watha Tadala anabereka mwana wamkazi. Tinapita ndi amayi kukaona, titanyamula chitenje ndi sopo. Tadala anandiika khandalo m'manja, analoza pakhoma n'kunena akumwetulira, "Mayi aang'ono, taonani maso. Ndi a amayi anga enieni, eti?" Amayi anawerama n'kumakonza mphasa yokonzeka kale. Ine ndinati eee.

Inu owerenga, chinthu cha malemu musachigwire ndi manja aphuma. Chithunzi chikamatirira kugalasi chisiyeni momwemo, wamkulu akakuchenjezani mverani, ndipo mwana akafunsa nkhope ya mayi ake muonetseni tsiku lomwelo, ngakhale chithunzicho chikhale chofwifwa chotani. Mukawononga, ululani dzuwa lisanalowe, chifukwa tsiku lililonse limene mwachedwa wina amakhala akuzolowera bodza lanu n'kulikonda. Ine ndinachedwa. Khanda lija alitcha Esinati, ndipo mayi ake ayamba kale kulinyamula m'mwamba pakhoma paja, n'kumaliuza kuti lipereke moni kwa agogo.