Moni wa mkamwini pakanjira ka m'tiyi

Amuna anga ndi munthu waulemu, ndipo ulemuwo unangotsala pang'ono kundisandutsa namfedwa.

Atawapatsa ntchito yopopera mankhwala ophera udzu pa esiteti ya tiyi, analandira zonse: ovolosi, jombo, magolovesi ofika m'zigongono ndi masiki. Akavala ankaoneka ngati akukafula njuchi. Koma chigawo chawo chinali m'mbali mwa kanjira kachidule kopita kumsika, ndipo kwa iwo munthu sadutsa ngati mbuzi. Ankatsitsa masiki kuti mawu amveke, n'kuvula golovesi lonyowa, n'kupereka dzanja, n'kufunsa za ana mmodzimmodzi. Kenako ankabwezera masikiyo kukamwa ndi zala zomwezo.

Zinkanyanya akamadutsa amayi anga ndi dengu lawo la mapeyala. Mkamwini salonjera apongozi ali chiimire. Bambowa ankapatuka, n'kunjuta mu udzu umene angoupopera kumene, chipewa ndi masiki zili pabondo, n'kumaomba m'manja mpaka amayi atapitirira. Amayi ankanyadira kwambiri, amvekere m'mudzi monse mulibe mkamwini wotere.

Mvula isanathe, manja awo anayamba kusupuka, maso ali psuu, chifuwa osatha. Kuchipatala namwino anawafunsa ngati amavala zodzitetezera. Anayankha kuti amavala zonse, ndipo sananame. Ndine ndinaulula za moni uja. Namwinoyo anaseka, kenako anasiya kuseka. Anati mankhwalawa amalowera pakhungu, m'maso ndi m'mphuno, choncho asamavule kanthu mpaka atamaliza n'kusamba ndi sopo, ndipo akapitiriza chonchi chifuwacho chifika poipa.

Pobwerera, titafika pamlatho, bambowa anatembenukira kwa ine.

"Ndiye anthu aziti ndinakulira kuti?" anandifunsa.

"Musadandaule abambo," ndinatero, "anthu omwewo adzayamikira ulemu wanu pamaliro."

Ndinayankhula mwaukali chifukwa ndinali ndi mantha. Munthuyu ndimamukonda, ndi moni wake yemweyo.

Anayesetsa ndithu. Anayamba kumangogwedezera mutu anthu ena, ngakhale madzulo ankapita m'makomo mwawo kukapepesa. Koma kwa amayi zinakanika. Ine ndimathyola tiyi, ndipo tsiku lina ndili pamtunda ndinawaona bambowa ndi maso angawa atanjutanso mu udzu wonyowa, nkhope ili pamtunda, akuomba m'manja ngati palibe chimene namwino ananena. Madzulo ake ndinapita kwa amayi n'kuwakhuthulira zonse, osasankha mawu. Anangonditsanzika msanga, ine n'kuganiza kuti akwiya.

Patapita milungu ingapo manja aja anayamba kupola, chifuwa n'kuchepa. Bambowa anayamba kudandaula kuti apongozi sakuonekanso panjira, mwina anawalakwira. Ine ndinati mwina mapeyala atha.

Loweruka lina ndinakumana nawo amayi kumsewu waukulu, dzuwa lili pamutu, dengu lili lodzaza. Msewuwo umazungulira phiri lonse, ndipo amayi maondo anawavuta kalekale. Anali atakhala pamwala, akusisita mapazi otupa.

"Amayi, kanjira kaja mwakaiwala?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Amuna akowo ulemu sangausiye, ndinawaona kalekale," anatero. "Ndiye ndasiya njira ndine. Usakawauze, angabwere kuno kudzapepesa. Tandisenza dengulo, msika ungathe."