Utoto wa Bwato la Achimwene

Ndikukumbukira chaka chomwe mvula inagwetsa nyumba kwathu ku Nkope, ine ndili Fomu 2. Bungwe lina linagawa malata, ndipo nyumba yolandira ankaijambula mkombero wabuluu pachitseko. Kuseri kwa mzikiti, komwe tinkakhala, analandira ndi Che Saide okha, bambo a mnzanga Hawa. Iwowa anachoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali pamsana, ndipo mapepala analibe.

Izi zinawawawa Che Mdoka a pagolosale, amene nyumba yawo sinagwe n'komwe. Anakapempha mayina a olandira kwa mayi wina wa bungwe lija kuti akapereke ku imigileshoni, koma mayiyo anawakaniza. Vuto la Che Mdoka linali limodzi: pafoni ankakuwa ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja. Ndiye tsiku lina ndikugula sopo ndinamva zonse akuimbira a imigileshoni.

"Dzina langa lisatuluke, bwana! Mungobwera Loweruka, chitseko chabuluu kuseri kwa mzikiti!"

Nditamuuza Hawa, analira mpaka kutupa maso, mayi ake n'kuyamba kumanga mitolo. Ine ndinakumbukira burashi ndi chitini cha utoto wabuluu womwe achimwene ankapakira bwato.

Lachisanu masana, amuna onse ali ku mapemphero a Juma, amayi atabisala dzuwa kuseri kwa nyumba, ndinayamba ntchito yojambula mikombero pazitseko. Utoto unkanunkha mpaka kuzunguza mutu, mchenga ukuotcha mapazi, koma sindinadumphe chitseko: chathu, cha a Shehe, zimbudzi, khola la mbuzi. Kwa Che Mdoka ndinajambula mkombero waukulu ngati lichero, poti anali munthu wolemekezeka. Iwo ataona anasangalala, poganiza kuti bungwe lawakumbukira. Zoti kukubwera mlendo anaziiwaliratu.

Loweruka kunabweradi bambo wa yunifolomu pa njinga yamoto. Anayang'ana uku, buluu, uko, buluu. Anasankha mkombero waukulu.

"Chiphaso chanu, bambo?"

"Ine? Wallahi, ndinabadwira pompano!" Che Mdoka anayamba kufwanthula matumba, kanzu itanyowa ndi thukuta. Chiphaso chinali chitasochera m'makatoni a sopo. Kuloza kwa Che Saide sakanatha, poti mudzi wonse unali utawazungulira, a Shehe ali patsogolo. Mlendo uja anawakalipira, n'kuwauza kuti aliyense wosewera ndi foni ya boma adzamuona, kenaka anakwera njinga yake.

Ine anandigwira ndi zikhadabo zabuluu. Amayi anandikwapula ndi kamtengo ka bwemba, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka, moti zikwapu zinkagwera pambali. Madzulo kunabwera chambo chachikulu kuchokera kwa Che Saide, popanda mawu.

Masiku ano a mabungwe sapakanso zitseko. Amakujambula nkhope, kudinditsa chala pafoni, n'kumapita. Komwe mayina athu amakagona, ndi amene amawatsegulira, sindikudziwa. Koma atangondilozera chitseko cha malo amenewo, burashi ija ndikadali nayo.