Mapadi Amene Ndinayesa M'manja Mwanga

Malume anga, achimwene awo a mayi, anakonza mawotchi zaka makumi atatu pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, moyang'anana ndi pokwerera mabasi. Anthu ankangowatchula kuti a Koloko. Anali munthu wochepa thupi, wa timanja ting'onoting'ono ngati ta mtsikana wa sukulu, ndipo timanja timeneto ndito tinkadyetsa banja lawo. Ankakhala pa kathebulo kawo, kagalasi katapanika m'diso limodzi, n'kumatola ndi kambaniro timisomali ta wotchi tochepa ngati mchenga. Mafoni atabwera anzawo ambiri anaisiya ntchitoyo, koma iwo anatsala ndi anthu awo: madalaivala, manesi, ndi madoda angapo amene ankati nthawi ya pafoni ndi ya ana.

Ali mnyamata ankamenya nkhonya, ndipo sankabisa kuti anamenyedwa kwambiri kuposa mmene anamenyera. "Ine nkhonya ndinaphunzira ndi nkhope," ankatero. Koma diso anali nalo. Ankatha kukuuza kuti phazi lako lakumbuyo lachedwa iwe usanadziwe n'komwe kuti wasuntha.

Ine ndine mphwawo. Ndimagwira ntchito ku bekale, kukanda ufa wa buledi kuyambira mbandakucha, ndipo manja ndinatengera bambo anga, aakulu ngati mafosholo. Nditayamba nkhonya, makochi a ku jimu anali ndi anyamata awo owadalira, ndipo mkazi wa zaka makumi awiri ndi zisanu analibe naye nthawi. Malume ndiwo ankatseka thebulo dzuwa likapendeka n'kubwera kudzandigwirira mapadi, tizikopa tozungulira timene wophunzitsa amavala m'manja kuti womenya azilasapo nkhonya. Anachita zimenezi zaka ziwiri osajomba, osapemphanso kanthu.

Mapadi awo anali akalekale, ang'ono, akuda, siponji itayamba kusuzumira m'mbali, atawakulunga ndi tepi. Koma akawavala ankawakhala ngati khungu lawo. Ndikamenya, iwo ankaichingamira nkhonyayo pang'ono, ndipo inkalira kuti phwa! mpaka omenya thumba kutembenuka.

Tsiku lina kunabwera kochi wa ku jimu ina kudzaona osewera. Anaima n'kutiyang'ana kanthawi, kenako anafunsa mokweza: "Achemwali, awo ndi mapadi kapena ndi mabanzi otsala kuntchito kwanu?"

Jimu yonse inafa nacho chiseko, ndipo malume nawonso anaseka. Ndinachita nawo manyazi mapadiwo, ndipo ndinene zoona, ndinachita nawonso manyazi malume anga.

Nditangolandira malipiro ndinathamangira kusitolo ya zamasewera, osauza munthu. Wogulitsa anali mayi wodekha, ndipo ananditulutsira mitundu itatu n'kuyala pakauntala.

"Ang'onowa ndi ophunzitsira kulasa, chifukwa ukaphonya waphonya," anatero. "Apakatiwa ndi a tsiku ndi tsiku. Akuluwa ndi a nkhonya zolemera. Koma chachikulu ndi kumbuyoku, kolowetsa dzanjaku. Kodi wokugwirirani ndi ndani? Manja ake ndi otani?"

"Manja ndi manja," ndinatero ine.

"Ayi achemwali, mapadi savala womenya, amavala wogwira. Dzanja likamasewera m'katimu, padi imapotoka, ndiye nkhonya yonse imathera pamfundo ya dzanja. Bwanji mubwere nawo adzayese okha?"

Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Ndinkafuna kuwadzidzimutsa malume, komanso ndinkafuna kuti kochi uja adzamve. Ndinayesa ang'ono, zala zanga zinakanira pakhomo. Apakati anandithina. Akuluwo, ofiira, onyezimira, anandikwana bwinobwino, ndipo ndinadziyang'ana pagalasi n'kuwaombanitsa. Ndinatuluka nawo m'sitolomo ndikuyenda ngati ndagula galimoto.

Ndinawapereka ku jimu pamaso pa anthu onse, dala. Malume anawalandira ndi manja awiri, anawatembenuza, anawanunkhiza, kenako analowetsa dzanja. Linalowa mpaka kutayika. Anakoka lamba kufika pothera, padi n'kumagwederabe. Ndinaziona ndi maso angawa, koma anyamata anali akuomba m'manja.

"Zikomo mphwanga," anatero. "Tsopano takhala anthu."

Ndinatenga mapadi akale aja n'kuwaponya m'mgolo wa zinyalala, komanso dala, kuti onse aone. Malume anauyang'ana mgolowo kamodzi.

Masabata otsatirawo zizindikiro zinalipo zambiri, ndipo palibe chimene chinandiphonya. Ndinawaona akutsendera sokosi zakale m'kati mwa mapadi asanavale. Ndinawaona akuviika dzanja pampopi wa kuseri kwa jimu tikamaliza. Lamlungu lina kunyumba kwawo anagwira kapu ya tiyi ndi dzanja lamanzere, pomwe iwo ndi a kumanja. Ndinkangodziuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, zikanakhala zowawa akananena. Pamene safunsa anadya phula ndinali ine, kungoti phulalo ankadya ndi munthu wina.

Nkhonya zanga zinasiyanso kulira. Zinkangoti bu, bu, ngati ndikumenya pilo, chifukwa malume anayamba kubweza dzanja nkhonya isanafike. Ndinali ndi mpikisano kutsogolo, mtima uli m'mwamba, ndiye ndinawakalipira.

"Malume, gwirani zolimba! Mukuthawa chiyani? Ngati mwakalamba nenani, ndipeze wina."

Mawu amenewa ndinawanena anthu akumva. Iwo anangoti, "Chabwino, bwera nayo," n'kuimika dzanja lamanja molimba monga ndinafunira. Ndinaponya nkhonya yokhota ndi thupi lonse. Inagwera m'mphepete mwa padi, padi inazungulira, ndipo dzanja linapindikira kumbuyo. Sanakuwe. Anatsitsa mkono pang'onopang'ono, anamasula lamba ndi mano, n'kunena kuti, "Tipume kaye lero, ndaiwala kuti pali wotchi yoti ndimalize." Ine ndinapita kukamenya thumba, ndili wokwiya kuti andidulira nthawi.

Mawa lake sanabwere, mkuja lakenso ayi. Tsiku lachitatu ndinadzera pamasitepe paja pochokera kuntchito, ndili ndi mawu okonzeka kale m'kamwa. Ndinawapeza ali ndi kasitomala, nesi wina wachikulire. Wotchi inali yotsegula pathebulo. Dzanja la malume linali litatupa ngati ufa wofufuma, ndipo kambaniro kankanjenjemera pakati pa zala. Anatola kamsomali, kanagwa. Anakatolanso, kanagwanso, n'kugubuduzikira pansi. Kachitatu sanayese. Anatseka wotchi ija ndi dzanja lamanzere n'kuibweza.

"Pepani asisita, pitani nayo kwa mnzanga wa kuseri kwa msika. Amaitha bwino ntchitoyi."

"Koma a Koloko, zaka zonsezi wotchi iyi sinagwiridwepo ndi munthu wina. Mwatani dzanjalo?"

"Ndinagwa kubafa," anatero, osandiyang'ana.

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Nesiyo ndiye anawakakamiza kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ine ndinawaperekeza. Adokotala ataona chithunzi cha mafupa a dzanjalo anati kafupa kena ka pamfundo ya dzanja kanathetheka, ndipo mnofu wozungulira unali utavulala kwa masabata ambiri. Anawaika chikhakha cha miyezi iwiri. Malume atafunsa za ntchito yawo, adokotalawo anati kugwira khasu kapena supuni adzagwira, koma za timisomali ta wotchi sangalonjeze.

Potuluka tinakhala pabenchi ya panja kudikira basi. Ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Bwanji simunandiuze kuti ndi aakulu?"

"Ukanawabweza?"

"Ndikanawabweza."

"Pamaso pa anyamata aja, utawaonetsa chonchija?" Anaseka pang'ono. "Iwe mphwanga, chibadwire unali usanandigulirepo ngakhale mpango. Tsiku loyamba kundigulira kanthu, ine ndiyambe kuyeza ndi tepi? Ndinati dzanja lizolowera."

Ndinalira pabenchipo ngati mwana, thupi lonseli, anthu akudutsa. Iwo anandisisita pamsana ndi dzanja labwinolo n'kumati ndisiye, anthu aganiza kuti iwo amwalira.

Kunyumba kwawo akazi awo sanandinyoze, ndipo zikanakhala bwino akanandinyoza. Ankangondipatsa mpando ndi madzi, n'kumandifunsa za kuntchito. Mayi anga okha ndiwo anandiuza mosapsatira kuti mphamvu zopanda maso n'za ng'ombe. Mpikisano uja sindinapiteko. Ndinabwerera kusitolo kuja ndi kachingwe komwe ndinayezera chikhatho cha malume chamanzere, ndipo mayi wogulitsa uja anandizindikira. Ananditulutsira apakati okhala ndi kolowetsa dzanja kothina ndi lamba wochirikiza mfundo, omwe anali pakauntala pomwepo tsiku loyamba lija. Malume anawayesa kumanzere, anati awa ndiye eni ake, n'kuwaika pamwamba pa kabati.

Chikhakha chitachoka anabwerera pansi pa masitepe. Anakhalapo masabata atatu. Kusintha mabatire ndi malamba ankatha, koma akatsegula wotchi n'kufika pa timisomali, chala chachikulu chinkakana kutsina. Ndinayesa kukhala nawo masana kuti ndikhale manja awo, iwo akuyang'ana pakagalasi n'kumandiuza pogwira. Ndinathyola kasipuling'i ka wotchi ya dalaivala wina tsiku loyamba lomwelo, ndipo tinagwirizana kuti ndibwerere ku ufa wanga.

Loweruka lina m'mawa ananditumizira uthenga kuti ndibwere ndidzawathandize kunyamula katundu. Ndinawapeza atalongedza kale zipangizo m'kabokosi, chikwangwani atachotsa. Panatsala thebulo lokha.

"Iwe ndiye wamphamvu m'banja muno," anatero. "Senza."

Ndinalisenza pamutu. Silinali lolemera n'komwe. Tinadutsa pokwerera mabasi, ine patsogolo, iwo pambuyo ndi kabokosi kudzanja lamanzere, ndipo aliyense pamenepo ankawadziwa. Wogulitsa nyuzipepala anaimirira, madalaivala anasuzumira m'mawindo.

"A Koloko, kodi mukutithawa? Thebulo likupita kuti?"

Ndinaima. Ndinati nditembenuke ndinene ndekha chimene chinachitika, anthu onsewo amve, monga anamvera a ku jimu tsiku lomwe ndinawatcha malume okalamba. Koma malume anandigunda pamsana ndi kabokosi kuti ndiziyenda.

"Maso, abale anga," anayankha mokweza. "Maso atha. Ukalamba suchita kupempha."

Anthu anagwedeza mitu momvetsa, ena n'kumati azipuma ndithu, agwira ntchito. Ine ndinayenda njira yonseyo thebulo lili pamutu, ndipo ndinayamika kuti linkandibisa nkhope.